Nasingano wa pa Khonde la Hashimu

1

Mukadzafika pa Namitete n'kumva akuluakulu akuseka munthu kuti "wamanga ya Levison," musavutike kufunsa kuti Levisoniyo ndani. Ndine. Ndili moyo, mano okha ndiwo adatha. Ndaganiza zoti nkhaniyi ndiifotokoze ndekha, chifukwa amene amaisimba pamowa amathira tsabola wambiri, ngati kuti payokha si yowawa kale.

Chidali chaka cha 1947, asilikali atangobwera kumene kuchokera kunkhondo. Ine ndinkasankha fodya m'chigafa pa esiteti ya mzungu wina, koma mukadandifunsa ntchito yanga ndikadakuuzani kuti ndine wa mpira. Mzunguyo adatipatsa mpira umodzi wachikopa, ife tidadula nsungwi n'kuimika magolo, ndipo Lamulungu masana tinkathyolana miyendo opanda nsapato. Ndinkasewera kutsogolo. Zikhadabo zakuphazi ndidalibe, zidathera m'bwalo, ndipo ndinkaonetsa anthu zala zopanda zikhadabozo ngati mendulo.

Muyezo wanga woyezera amuna udali wapafupi. Mwamuna ndi wonunkha thukuta, wazipsera m'miyendo, wolowa mpira ndi mutu womwe. Wotsala aliyense ndinkamukayikira.

Ndidali nditatomera mtsikana wa kutsidya kwa dambo, dzina lake Eunice. Ndinkamukonda, izi zokha musandiseke nazo. Chikole ndidapereka, ankhoswe adakumana, ndipo atsibweni ake, a Enock, adandilozera malo pamudzi pawo poti ndimange nyumba, monga mkamwini aliyense. Mitengo ndidadula ndekha, kuzika ndekha, kuphoma ndi kufolera ndekha. Idali nyumba yamakona, ya zenera, yoyamba yotero m'mudzimo. Ukwati udali woti uchitike fodya akagulitsidwa.

2

Amene adasokoneza tulo tanga ndi Patson.

Patson ankasewera kumbuyo m'timu yathu. Adamenya nkhondo ku Bama, chifuwa chake chidali ngati chitseko, ndipo akakuponda unkakumbuka agogo ako onse mayina awo. Atsikana akamuona ankaiwala mitsuko pachitsime. Pa muyezo wanga uja, Patson adali mwamuna ndi theka.

Vuto lidali loti mpira ukangotha, iye ankasamba, n'kuwoloka dambo kulunjika kumudzi kwa Eunice. Ndikafunsa, anzanga ankati akukaona Misheck, mlongo wake wa Eunice, amene adali naye limodzi kunkhondo ndipo adabwerako akutsimphina mwendo. Ine ndinkangoseka cham'mimba. Mwamuna ngati Patson n'kuwoloka matope onse aja chifukwa cha mwamuna mnzake? Ameneyo akufuna mbuzi, akupereka moni kwa mbusa.

Tsiku lina ndidamuona m'sitolo ya a Hashimu akugula mpango wofiira, n'kuubisa m'malaya. Usiku umenewo nsima idandikanika.

Pakhonde la sitolo yomweyo pankakhala telala, Henderson, mwana wa matenanti ochokera ku Ntcheu. Ameneyu ndiye ankatipatsa zoseka. Tsitsi ankalemba mzere pakati, malaya oyera osita, kolala yoimirira, m'thumba kampango kopinda bwino. Akamadutsa ankasiya fungo la sopo. Pokhala pansi ankayamba wayala kampango kaja. Tidamuitanapo kuti adzasewere mpira, iye adatiyang'ana kumapazi n'kunena kuti, "Pepani, fumbi limandiyambitsa chimfine." Tsiku lonse amayi ankamuzungulira, kuseka naye, kumufunsa mtundu wa nsalu wowakhala.

Amene adabwera ku Joni ankatisimbira za kumigodi, za amuna okhalira limodzi ngati banja, zimene ankati mathanyula. Henderson ku Joni sadapiteko, ngakhale ku Dedza kwenikweniko sindikudziwa ngati adagonako. Koma ine ndidawerengera kolala, sopo ndi kukana mpira, yankho n'kutuluka lokha. Dzina loti Nasingano ndidamupatsa ndine, ndipo lidamukakamira ngati chisoso.

3

Nzeru idandifikira ndili m'chigafa. Ndidagula nsalu ya dilesi la ukwati, ndidatenga Eunice, n'kupita naye pakhonde paja.

"Nasingano, usoke dilesi loti anthu a ku Nsaru adzamve mbiri yake."

"Ndisoka, a Levison," adatero akuyang'ana nsaluyo, osati ine.

Eunice atalowa m'sitolo kukaona mikanda, ndidamukokera telalayo pambali.

"Pali ntchito ina. Lamulungu ine ndimakhala ku mpira, ndipo ukatha timatsalira kukambirana za masewero. Mtsikanayu azibwera kudzayeza dilesi, ukatero uzimuperekeza mpaka kwawo. Ukhale naye pakhonde mpaka dzuwa lipendeke. Patson akafika, uziona zimene akuchita."

Henderson adaimitsa makina. "A Levison, ntchito imeneyi musanditume."

"Ukuopa Patson?"

"Ayi. Koma inenso ndine munthu."

Ndidaseka mpaka kugwira nsanamira. "Iwe? Iwe ndiye ndingakusiyire ngakhale mudzi wonse wa atsikana, ndikagona tulo tofa nato. Kumusiya ndi iwe kuli ngati kumusiya ndi mchemwali wake."

Adandiyang'ana m'maso. Kenaka adati, "Mwanena nokha."

Ndidabwerera kuchigafa ndikuimba mluzu, ndikudzitama kuti m'dziko la Nyasaland mudalibe mnyamata wochenjera ngati ine. Ndidali nditapeza mlonda wosafuna malipiro, wosadya zimene akulondera.

4

Mlonda wanga adali wokhulupirika. Lolemba lililonse ndinkadutsa pakhonde paja kukamva lipoti.

"Patson anabwera?"

"Anabwera."

"Anatani?"

"Anapereka moni, n'kupitirira kudimba kwa a Misheck. A Eunice sanawayang'ane n'komwe."

"Wochenjera ameneyo, wadziwa kuti pali maso. Nanga dilesi latha?"

"Manja akufunika kuyezanso."

Sabata yotsatira lidali khosi. Ina, chiuno. Dilesi limenelo lidayezedwa kuposa munda wa mzungu, ine osadabwa. Ndinkangoti za akazi n'zochedwa, ndipo Nasingano akuzidziwa bwino poti ndi mnzawo.

Koma Eunice adayamba kusintha. Ndikamusimbira momwe ndidamwetsera chigoli anyamata a ku Mpingu, iye ankayang'ana nkhuku. Tsiku lina adandifunsa kuti, "Kodi a Levison, inu mumadziwa mtundu umene ine ndimakonda?"

"Mtundu wa chiyani?"

"Wa nsalu."

"Wofiira," ndidatero dala, ndikumuyang'anitsitsa kuti ndimugwire.

"Wobiriwira," adayankha, n'kunyamula lichero lake kulowa m'nyumba.

Pobwerera ndidakumana ndi amayi awiri akuchokera kuchitsime. Wina adati, "Akamwini, nyumba ija yakongola. Mwini wake akondwa." Onse adaphulika kuseka, madzi n'kumatayika m'mitsuko. Mudzi wonse ukudziwa za Patson, wosadziwa ndine ndekha!

Sindidafunse munthu. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma ine nthawi imeneyo miyambi ndinkaiona ngati zinthu za anthu osatha kuthamanga. Ndidapita kwa a Enock n'kukasuma kuti Patson akundilowera m'munda.

A Enock adamuitanitsa tsiku lomwelo. Adabwera, adakhala pansi, chimunthu chonse chija n'kufota ngati fodya wa dzulo.

"Patson, pamudzi pano umadzatani kawirikawiri chonchi?"

"Ndimadzaona Misheck."

"Sabata ndi sabata? Mvula ndi dzuwa? Nanga mpango wofiira akunena mnzakoyu udagulira yani?"

Patson adangoti zyoli. Thukuta lidatsika m'masaya mwake. Ine mumtima ndidati, eya, fisi akagwa m'mbuna sayankhula. A Enock adalamula kuti ankhoswe a mbali zonse akumane Loweruka, nkhaniyi ikambidwe pagulu.

5

Ndinkafuna umboni woti ndikauponye pamphasa anthu onse akuona. Lachinayi masana ndidaona Patson akuzemba kuntchito, ndipo ndidamutsatira, chibonga chili m'manja. Chibongacho sindikudziwa kuti ndinkati ndichita nacho chiyani, poti Patson akadatha kundidyetsa chonse.

Adawoloka dambo. Panjira yopita kwa Eunice sadakhote. Adalambalala mudzi, n'kulowa m'dimba la Misheck, momwe mudali kamsasa pakati pa nzimbe. Ndidati, ndiye kuti amakumanira m'menemu, Misheck ndiye mtumiki. Ndidakwawa ngati buluzi mpaka ndidaona bwino.

Eunice mudalibe.

Misheck adakhala pachitsa, mwendo wovulala uja atautambasula. Patson adagwada patsogolo pake, akuusisita ndi mafuta a nsatsi, pang'onopang'ono, ndi manja omwe aja ankakankha nawo anthu m'bwalo. M'khosi mwa Misheck mudali mpango wofiira.

"Loweruka ndikavomera," Patson ankatero. "Ndikati ndinkafuna Eunice. Andilipitse mbuzi, zithe."

"Uipitse mbiri ya mlongo wanga chifukwa cha ine?"

"Nanga ndikanene chiyani, Misheck? Ndikanene zoona?"

Misheck adagwira mutu wa Patson ndi manja awiri, n'kuugoneka pachifuwa pake, akumusisita kunkhongo. Patson, amene adaona mitembo ku Bama osagwetsa msozi, ankalira ngati mwana. Sindidafune wondimasulira. Amayi anga ankawagwira choncho abambo anga pamene ankadwala.

Muyenera kudziwa mtundu wa munthu amene akukusimbiraniyu. Choyamba kubwera m'mutu mwanga chidali chimwemwe: Eunice ndi wanga! Chachiwiri chidali choti, nanga Lamulungu tikusewera ndi a ku Msundwe, kumbuyo kukhala ndani? Chachitatu ndiye chidali mantha, chifukwa muyezo wanga uja udathyokera m'manja. Ndidabwerera chafutambuyo, n'kuponda nzimbe youma. Idalira ngati mfuti.

Patson adadzambatuka. Tidayang'anana. Akadafuna, ndikadathera m'dimba momwemo, anthu n'kumati ng'ona ya m'dambo. Koma adangotsitsa manja.

"Waona, Levison."

"Ndaona."

"Ukanena, ine ndipirira. Koma uyu ndi mwendo wakewu, ndende sangaithe. Ndipo mudzi sudzamulola kumwera chikho chimodzi ndi anthu."

Ndidafunafuna mawu a nzeru, osawapeza. Chimene chidatuluka n'chakuti, "Lamulungu usachedwe. A ku Msundwe ali ndi mnyamata wothamanga kumanzere."

Ndidachoka chibonga nditachiiwala m'nzimbe.

6

Loweruka anthu adadzaza pabwalo la a Enock. Nkhani ya chigololo siifuna kulalika, imadziitanira yokha. Ankhoswe anga adakhala uku, ankhoswe a Eunice uko, Patson payekha, Misheck kumbuyo atatsamira ndodo yake. Chakumapeto ndidaona mlonda wanga, atayala kampango kake pamwala, kolala ili njo.

Ndidaimirira.

"Akuluakulu, ndidanama. Patson alibe mlandu. Idali nsanje chabe."

Anthu adang'ung'udza, ena mokhumudwa poti adasiya ntchito zawo.

"Nanga pamudzi pano amadzatani?" adafunsa a Enock.

Ndidamva maso a Patson pamsana panga. Ndikadangotsegula pakamwa, anthu akadaiwala za uchitsiru wanga n'kupeza nyama ina yonona. Sindinama, lilime lidandiyabwa.

"Amadzasisita mwendo wa mnzake wa kunkhondo ndi mafuta a nsatsi. Ndidaona ndi maso angawa."

"Mpango uja?"

"Womangira mwendowo."

Adandilipitsa mbuzi chifukwa choipitsa mbiri ya anthu awiri. Ndidavomera mokondwa. Mbuzi n'chiyani poyerekeza ndi Eunice? Ndidakhala pansi ndikudzimva ngati munthu wolungama, woyenera kuimbiridwa nyimbo kutchalitchi.

"Eunice," adatero a Enock, "wamva kupepesa kwa mwamuna wako. Ukuti bwanji?"

Eunice adabwera chogwada mpaka pamphasa. Adamasula kansalu, n'kuika pansi mikanda ndi ndolo zimene ndidapereka ngati chikole.

"Atsibweni, za a Patson n'zabodza ndithu. Koma a Levison sadalakwe kukayika. Munthu alipo."

Anthu onse adatembenukira kwa iye. Ngakhale nkhuku zidaleka kupalasa.

"Ndani?" adafunsa a Enock.

"Amene adandipatsa okha."

Ndidayang'ana uku ndi uku kufuna munthu amene ndidamupatsa. Ndikulumbira, ndidayang'ana ngakhale ankhoswe anga. Kenaka ndidaona Henderson akuimirira, akukutumula kampango kake, kukapinda bwinobwino, n'kubwera kudzagwada pafupi ndi Eunice.

"Nasingano?" ndidakuwa. "Sizingatheke! Ameneyu si... ameneyu sasewera n'komwe mpira!"

Kuseka kumene kudabuka pamenepo, ena amati kudamveka mpaka ku Kabudula. Amayi ena adagwa chagada. Mkulu wina adatsamwa fodya wa m'mphuno.

"A Levison," adatero Henderson mofatsa, "ndidakuuzani kuti musanditume. Mudaseka."

"Koma sopo uja? Kolala?"

"Kusamba ndi mlandu, eti?"

Ndidatembenukira kwa Eunice. "Wandisiyiranji? Ndakulakwira chiyani?"

Sadaseke nawo anthuwo, ndipo chimenecho chidandipweteka koposa. "Simudandimenye, simudanditukwane. Koma chitomereni, ine ndamva za zigoli zokhazokha. Awa adandifunsa chimene ndimakonda, chimene ndimaopa, ndiponso chifukwa chake ndimakhala chete. Inu mudandiikira mlonda ngati ndine munda wa chimanga. Simudandifunse ngati ndikubedwa."

Chotsala chidali chimodzi.

"Nanga nyumba yanga?"

A Enock adakanda ndevu. "Mwana wanga, nyumba ya mkamwini ndi ya pamudzi. Mitengo udadula m'nkhalango mwathu, dothi ndi lathu, udzu ndi wa m'dambo mwathu. Chako ndi thukuta, ndipo lidauma."

Fodya atagulitsidwa, Henderson adalowa m'nyumba yamakona ija, ya zenera. Pazeneralo adasokerapo katani. Eunice adavala dilesi la nsalu yomwe ndidagula ine, ndipo ndivomere, lidamukhala. Lidayezedwa mokwanira. Kuyambira pamenepo, mnyamata akavutikira chinthu wina n'kudzadya, kwathu kuno amati wamanga ya Levison.

7

Gawo losaseketsa ndi ili. Mlandu wanga udatha, koma maso a anthu adali atatembenukira kale kudimba kuja. Ena adayamba kufunsa chifukwa chake mwendo umodzi ukufuna mafuta ochuluka chotero. Mvula isanagwe, Patson ndi Misheck adanyamuka ulendo wa ku Halale, akuti kukafuna ntchito. Sadabwerenso. Amayi ake a Misheck adamwalira akuyang'ana kunjira. Anthu awiri aja sadalakwire munthu aliyense, adachoka kwawo chifukwa cha nsanje ya chitsiru chimodzi, ndipo chitsirucho ndine. Ndanena lero chifukwa onse adagona kale, kulibe angawapweteke.

Inu owerenga, makamaka anyamata, sindikuphunzitsani za Mulungu, poti abusa alipo ndipo amalandira malipiro ake. Ine ndingokuuzani zimene ndidagula ndi mbuzi, nyumba ndi mkazi. Malaya a munthu amakuuza za telala wake, zipsera za m'miyendo zimakuuza za bwalo limene amasewerapo. Za amene mtima wake umamufuna, zimenezo sizilembedwa pa kolala. Ndidayang'ana amuna awiri tsiku ndi tsiku, ndidalakwitsa onse awiri, ndipo mtsikana amene ndinkati ndikumuteteza ndiye sindidamuyang'ane n'komwe.

Ndidakwatira patapita zaka, mkazi wabwino wa ku Nambuma, amene nkhaniyi adaimva asanandione ndipo adandilola chifukwa cha chisoni. Ukwati utayandikira ndidafuna suti. Telala wodziwa kusoka jekete m'dera lonse adali mmodzi. Ndidazungulira sitolo ya a Hashimu mpaka agalu adayamba kundizolowera, kenaka ndidakwera pakhonde paja.

Eunice adali pomwepo, mwana kumsana, wina akukwawa pansi pa makina, wachitatu ali m'njira. Adandipatsa moni mwaulemu n'kundiikira mpando. Henderson adatenga tepi yake, adandiyeza mapewa, adandiyeza manja. Atagwada kuti andizungulize tepiyo m'chiuno, thupi langa lidauma lokha ngati mtengo, mpweya n'kuugwira.

Adakweza maso, pakamwa pali mapini.

"Pumani, a Levison, musaope. Ndine wokwatira."